Alfa Romeo GTV6 ya 1983: mmene yakhalira chiigulireni

Amene munawerenga zomwe ndinalemba nditangogula Alfa Romeo GTV6 mukukumbukira kuti panali zinthu zitatu zomwe zinkandisowetsa tulo: dzimbiri lomwe linkasuzumira m'munsi mwa galasi lakutsogolo, kunjenjemera komwe kunkamveka pansi pa mpando galimoto ikayamba kuthamanga, ndi lamba wa taimingi yemwe mwini wake wakale sankadziwa kuti anasinthidwa liti. Ambiri munandifunsa ngati sindinangotaya ndalama. Pano chaka chadutsa, mvula ya matalala ya kuno ku Joni yaiona, chisanu cha mu June chaipezanso, ndiye ndingathe kuyankha mosakayika. Ndalama sizinapite pachabe. Koma galimoto iyi imafuna munthu woti aziiyendetsa pafupipafupi ndi kumaimvetsera, ndipo mavuto ambiri omwe ndakumana nawo anabwera chifukwa inakhala zaka zambiri itangoima m'galaja ya eni ake akale.

Kwa amene simukuidziwa, GTV6 inatuluka mu 1980. Thupi lake ndi lija la Alfetta GT ya 1974 lomwe anajambula Giorgetto Giugiaro, kungoti boneti anaitukumula pakati kuti injini yaikulu ikwane. Injiniyo ndi V6 ya malita 2.5, ya mahosipawa 160, ntchito ya Giuseppe Busso, ndipo mafuta amalowa kudzera mu injekishoni yotchedwa Bosch L-Jetronic, osati makabuleta. Yangayi inalumikizidwa kuno ku South Africa, ku fakitale ya Alfa Romeo ya ku Brits, n'chifukwa chake chiwongolero chili kumanja ngati galimoto zathu zonse. Kampaniyi inachoka m'dziko muno mu 1985, koma inasiya magalimoto ambiri ndi amakaniko omwe anakulira pa iwo. Ichi ndi chimene chimapangitsa kuti munthu wolandira malipiro wamba ngati ine athe kusunga galimoto ya ku Italy ya zaka zoposa 40 ku Gauteng.

Ndiyambe ndi injini, poti ndi imene inandikopa. Ntchito yoyamba inali lamba wa taimingi, ndipo sindinaiyendetse galimotoyo kupitirira pa galaja lambayo asanasinthidwe. Pa injini ya Busso lamba akaduka kapena akangolumpha mano angapo, mapisitoni amakawomba mavavu, basi mwalowa m'ngongole. Chomangitsa lamba cha pa GTV6 chimagwira ntchito ndi oyilo wa mu injini, ndipo chikakalamba chimadontha, oyiloyo n'kumanyowetsa lamba yemweyo. Changa chinali chitayamba kale kuchucha. A makaniko anga, madala ena omwe akhala akukonza ma Alfa kuyambira ali mnyamata, anachimasula n'kuikamo malabala atsopano, anasinthanso pampu ya madzi nthawi yomweyo poti kunali kotsegula kale. Anandipatsa lamulo limodzi lomwe ndimalisunga mpaka lero. Anati, "Mwana wanga, ukaimika pamtunda usamadalire giya. Ikangobwerera m'mbuyo injini n'kuzungulira chobwerera, lamba angathe kulumpha." Ndiye ndikaimika pamalo otsetsereka ndimakoka handibuleki mokwanira, nthawi zina n'kuikanso mwala kutayala. Lamba ameneyu odziwa amati asinthidwe pakatha zaka zitatu kapena zinayi ngakhale galimoto isanayende mtunda wautali, chifukwa labala amakalamba ngakhale atangokhala.

Chichitikireni ntchito imeneyo injini sinandivutepo. Imalira kamodzi n'kamodzi m'mawa wozizira, simadya oyilo wodandaulitsa, ndipo madzi a mu rediyeta ndi oyera, chomwe chili chofunika chifukwa ma gasiketi akale a injini izi ankadziwika ndi kulowetsa oyilo m'madzi. Vuto limodzi lokha linabwera m'miyezi yoyambirira: ikaima pa maloboti inkachita ngati ikufuna kuzima. Tinapeza kuti paipi ya labala yochokera pa choyezera mpweya kupita ku injini inali itang'ambika kunsi, malo osaoneka ndi maso mpaka utaipinda ndi dzanja. L-Jetronic imayeza mpweya wolowa kuti idziwe kuchuluka kwa petulo woti ipereke, ndiye mpweya ukalowera pambali mawerengedwe onse amasokonekera. Paipi yatsopano inathetsa nkhani.

Za kalilidwe kake ndingalembe tsamba lonse. Pansi pa ma rev 3,000 imangong'ung'udza mwaulemu, koma singano ikadutsa 4,000 mawu amatseguka, amakhala osalala ndi okwera, opanda phokoso la zitsulo. Ndimakonda kutuluka Lamlungu m'mawa kutsata msewu wa R511 kulowera ku Hartbeespoort, mawindo ali otsitsa, wailesi ili chete. Busso anamwalira mu January 2006, patangodutsa masiku ochepa injini yake yomaliza itapangidwa ku fakitale ya Alfa Romeo ya ku Arese, ku Italy, ndipo ndikamaimva ikulira m'mapiri a Magaliesberg ndimamvetsa chifukwa chake anthu amatchula injiniyi ndi dzina la munthuyo. Liwiro lenileni si loopsa masiku ano. Fakitale inkati imafika makilomita 205 pa ola, ndipo Johannesburg poti ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, injini imataya mphamvu ina. Galimoto zambiri zatsopano zingaisiye pa maloboti. Izo sizindikhudza.

Kunjenjemera kuja kunachokera pa kapangidwe kachilendo ka galimoto iyi. Injini ili kutsogolo, koma kilatchi ndi giyabokosi zili kumbuyo, pamodzi ndi difu. Izi zimagawa kulemera pafupifupi mofanana pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo ukakhota mothamanga umamva ndithu kuti galimoto yakhazikika, sikukankhira mphuno kunja. Kuipa kwake n'kwakuti propshaft, shafuti yaitali yotenga mphamvu ku injini kupita nayo ku giyabokosi kumbuyo, imazungulira pa liwiro la injini nthawi zonse, ngakhale utaima. Imalumikizidwa ndi malabala atatu okhuthala ozungulira, ndipo anga awiri anali ndi ming'alu yolowa chikhadabo. Tinasintha onse atatu ndi bering'i yapakati. Apa pofunika makaniko wodekha, chifukwa shafutiyo inalinganizidwa kulemera kwake ili yathunthu, ndiye asanaimasule ayenera kulemba zizindikiro pa chidutswa chilichonse ndi kubwezera bawuti iliyonse pamalo pake. Madala aja anayala zonse pa katoni, atalemba manambala ndi choko. Itabwerera pa msewu, kunjenjemera kunatheratu.

Giya ndi pomwe ndiyenera kunena zoona zosakoma. Ndodo ya giya ili kutali ndi giyabokosi, imadutsa m'zolumikizira zazitali, ndiye imamveka yolobodoka, ndipo giya yachiwiri ya magalimoto awa imatha msanga. Yanga imakhadzula ndikailowetsa mwaphuma oyilo asanatenthe. Ndinaphunzira kuipatsa kanthawi: kuchotsa yoyamba, kupuma pang'ono pakati, kenako kulowetsa yachiwiri ndi zala zokha. Pakatha makilomita angapo imafewa. M'misewu yodzaza ya mu Sandton madzulo zimatopetsa, kilatchi ndi yolemera, chiwongolero chilibe pawa, ndipo kakhalidwe ka pampando ndi kofuna munthu wa manja aatali ndi miyendo yaifupi. Kuntchito sindipita nayo.

Mabuleki akumbuyo ali mkati, pafupi ndi giyabokosi, osati ku matayala. Kusintha mapadi ndi ntchito yogona chagada, ndipo handibuleki imadalira kuti mpata wa mapadiwo utcheredwe bwino. Tinakonza makalipa onse awiri, kuyambira pamenepo ali bwino. Za magetsi zomwe anthu amaopseza nazo, kwa ine zinali zazing'ono: kupala dzimbiri pa mafyuzi ndi kumangitsa mawaya a ethi. Mawindo amakwera mwaulesi, koma amakwera.

Kumene kunapita ndalama zambiri ndi thupi. Kadzimbiri kaja ka m'munsi mwa galasi kankaoneka ngati ka ndalama yachitsulo, koma titachotsa galasi tinapeza kuti kadya mzere wonse wa pakona, madzi n'kumatsikira mkati mpaka pansi pa kapeti ya mbali ya woyendetsa. Wondikonzera ndi mkulu wina wa kwathu ku Mangochi yemwe ali ndi malo ake owongolera ndi kupenta magalimoto kum'mawa kwa mzinda uno. Anandiitana kuti ndidzaone ndekha asanayambe. Anatenga sikuludiraiva n'kubaya m'munsi mwa chitseko, pamalo pomwe penti ankawala bwinobwino, chitsulo n'kungoboka, tizidutswa tofiira tikuyoyokera pansi. Munthu wina kale anangomata body filler, phala lotsekera mabowo ndi makwinya a thupi la galimoto, pamwamba pa dzimbiri n'kupenta. Mkuluyo anati, "Achimwene, dzimbiri lili ngati chiswe, mukaona dothi kunja ndiye kuti mkati mwatha kale. Tidule, tiwotcherere chitsulo chatsopano, apo ayi mudzabweranso chaka chamawa." Ndinavomera. Anadula malo onse odyeka, napinda zitsulo zatsopano ndi manja potsata maonekedwe akale, chifukwa zidutswa zina za thupi la GTV6 sizipezeka zopangidwa kale, ndipo zopezekazo zimachokera ku Ulaya pa mtengo wa mayuro kapena mapaundi, kuwonjezapo msonkho ndi kudikira. Galimoto inakhala kwa iye miyezi ingapo. Pomaliza anapopera sera wotchinga dzimbiri m'mphako zonse za m'mbali. Ntchito imeneyi yokha inadya ndalama zoposa za injini, shafuti ndi mabuleki kuphatikiza pamodzi, ndipo dzinja lonse lapitali kapeti yakhala youma.

N'chifukwa chake amene mwandilembera kuti mukufuna kugula yanu, ndikuti yang'anani thupi poyamba, injini pambuyo. Injini ya Busso ndi yolimba ndipo masipeya ake alipo, zambiri za pansi zimafanana ndi za Alfa 75 yomwe inapangidwa mpaka 1992. Koma thupi lodyeka lingakumalizeni. Pitani ndi tochi ndi kamaginito kokulunga m'kansalu. Pomwe maginito sakugwira pali filler. Onani kuzungulira galasi lakutsogolo ndi lakumbuyo, m'munsi mwa zitseko, m'mphepete mwa matayala, mkati mwa zitsulo zophimba matayala akutsogolo, ndi malo oikapo jeke. Funsani komwe galimoto yakhala moyo wake. Ya ku Highveld, dera lokwera lozungulira Joni, komwe mpweya ndi wouma, nthawi zambiri imakhala bwino kuposa ya ku Durban kapena Cape Town komwe mphepo ya m'nyanja imanyamula mchere. Ndipo musakopeke ndi mawu oti "yakhala ikusungidwa, sinayende zaka khumi." Galimoto yoima ndi imene malabala ake amauma, mabuleki amagwirana, thanki imachita dzimbiri. Bola yoyenda makilomita ambiri koma yokhala ndi mapepala a sevisi. Mapepala a umwini nawonso muwaonetsetse, nambala ya chasisi igwirizane, chifukwa popanda zimenezo simudutsa pa roadworthy (kuyeza ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi kusintha dzina.

Chenjezo lina ndi la GTV6 3.0. Iyi inapangidwa ku South Africa kokha, zochepa chabe, pafupifupi 200, mothandizana ndi Autodelta, nthambi ya mipikisano ya Alfa Romeo, cholinga chili chogonjetsa BMW 535i m'mipikisano ya Group One pa mabwalo ngati Kyalami. Inali ndi makabuleta 6 a Dell'Orto m'malo mwa injekishoni. Mtengo wake lero uli kutali kwambiri ndi wa 2.5, ndiye pali ena amene amatenga 2.5, kuikamo injini yaikulu ndi boneti yofanana, n'kumaigulitsa ngati yeniyeni. Ngati wina akukutsatsani 3.0 pa mtengo wokoma, pitani kaye kwa anthu a makalabu a Alfa akaione. Amapezeka pa zionetsero ngati Cars in the Park ku Zwartkops, ndipo ndaona kuti ndi anthu omasuka, amakuuza zoona ngakhale sakukudziwa. Masipeya anga angapo ndinawapeza kudzera mwa iwo, kuphatikizapo nyali yakumbuyo yomwe ndinaisaka nthawi yaitali.

Pa mafuta, m'tauni imandipatsa makilomita 8 pa lita, pa msewu waukulu imafika 11 ndikamayenda mofatsa. Ndimathira petulo wa 95. Dashibodi inang'ambika ndi dzuwa pamwamba, monga zilili pafupifupi zonse za kuno, ndipo ndaisiya choncho ndi kansalu kophimba mpaka ndidzapeze yabwino. Kumbuyo kumakwana ana, akuluakulu amagunda mutu.

Achibale akhala akundifunsa kuti ndidzabwera nayo liti kumudzi pa Khirisimasi, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Mtima umafuna, koma sindidzatero. Galimotoyi ndi yotsika, pansi pa injini ndi pa aluminiyamu, ndipo dzenje limodzi la mumsewu kapena hampu yaitali ingaswe sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injinicho, pakati pa tchire. Labala wa propshaft akaduka ku Tete, palibe sitolo ya ku Limbe kapena ku Lilongwe yomwe ndingayembekeze kuti ili naye pa shelefu. Ulendo umenewo ndi wa bakkie.

Chatsala tsopano ndi giyabokosi. Masinkilo atsopano a giya yachiwiri, tizitsulo tothandiza giya kulowa mosakhadzula, ndinaitanitsa kale ndipo afika, madala aja akuti tidzaitsitsa nyengo yozizira ikayamba, mvula itasiya, ndipo poti kumbuyo konse kudzakhala kotsegula tidzasinthiratu kilatchi ndi malabala onse ogwira giyabokosiyo.