JSTOR, Redalyc Kapena Nkhokwe za INAH: Njira Iti Ithandize Wofufuza Magule a ku Mexico?

Munthu amene wapatsidwa ntchito yolemba za magule a makolo a ku Mexico ali ndi njira zingapo zopezera zimene akufuna kudzera mu laibulale, ndipo njirazi sizibereka zipatso zofanana. Ine ndaziyeza zonse ndi funso limodzi: kodi njira imeneyi ikundithandiza kusiyanitsa gule wovinidwa pamwambo wa pamudzi ndi gule amene anakonzedwa kuti aonetsedwe pansanja? Pamenepa ndi pamene zolemba zambiri za ophunzira zimapunthwa.

Gwero la vutoli lili m'mbiri ya dzikolo. Itatha nkhondo yosintha zinthu imene inayamba mu 1910, boma linakhazikitsa unduna wa zamaphunziro mu 1921 pansi pa José Vasconcelos, ndipo aphunzitsi amene anatumizidwa kumidzi anasonkhanitsa magule, kuwafupikitsa ndi kuwaphunzitsa m'masukulu monga chizindikiro cha umodzi wa fuko. Mu 1952 Amalia Hernández anayambitsa gulu limene linadzatchuka ndi dzina la Ballet Folklórico de México, lomwe limavina m'nyumba ya zisudzo ya Palacio de Bellas Artes mumzinda wa Mexico, ndipo kavinidwe ka gululi ndi kamene dziko lonse lapansi limakaona ngati kenikeni. Taonani Danza del Venado, gule wa nswala wa anthu a mtundu wa Yaqui ndi Mayo ku Sonora ndi Sinaloa. Pamwambo, wovina amamanga mutu wa nswala pamwamba pa mutu wake, amagwira maseche m'manja monse, m'miyendo amakulungamo zikwa zouma za agulugufe zoikidwa timiyala, ndipo amavina m'chisakasa mwachifatse, akumatembenuza khosi ngati nyama yomvetsera mtswatswa, pamene oimba atakhala pansi akukwecha timitengo ndi kuomba chikho choyandama m'madzi. Pansanja gule yemweyo amasanduka sewero la kulumpha mwamphamvu, lokhala ndi alenje ndi imfa ya nswala yochititsa chisoni. Zonse ziwirizi n'zoyenera kuzifufuza, koma wolemba ayenera kudziwa kuti wagwira iti.

Mashelefu ndi katalogi ndiye poyambira pa aliyense, ngakhale kuti sindikuyembekezera zambiri kumeneko. Mu laibulale zotsata dongosolo la Dewey magule a makolo ali pa 793.31, ndipo a ku Mexico ali pa 793.31972, pamene zotsata dongosolo la Library of Congress ya ku America zimawaika pa GV1627. Chinsinsi n'chakuti mabuku a pa nambala zimenezi nthawi zambiri amakhala ophunzitsa masitepe ndi zovala za pansanja, pamene buku lofotokoza chifukwa chimene Myaqui amavinira pa Sabata Loyera limabisala kwina, pakati pa mabuku onena za mitundu ya anthu, monga pa F1221. WorldCat, katalogi ya pa intaneti yophatikiza malaibulale a m'maiko ambiri, imakuuzani kuti buku lilipo ndi kumene lili, kaya ndi ku Benson Latin American Collection ku Austin kaya ku Jerome Robbins Dance Division ku New York, koma kwa wowerenga amene ali kutali ndi mizinda imeneyo kudziwa kumene buku lili sikufanana ndi kuligwira m'manja. Phindu lake lenileni ndi kukusonyezani mayina a olemba amene mudzawasake kwina.

Mpikisano weniweni uli pakati pa nkhokwe ziwiri za pa intaneti za magazini a kafukufuku, JSTOR ndi Redalyc. JSTOR, imene inayamba mu 1995, ili ndi magazini a kafukufuku monga Ethnomusicology, Latin American Music Review, Dance Research Journal ndi Journal of American Folklore, ndipo ambiri mwa iwo imawasunga kuyambira pa kope loyamba, kotero kuti munthu angathe kutsata mmene maganizo a akatswiri asinthira pa zaka makumi ambiri. Kusaka m'menemo n'kosavuta, masamba ake amabwera monga anasindikizidwira, zomwe zimathandiza potchula tsamba lenileni limene mwatengapo mfundo, ndipo zambiri zili m'Chingerezi. Kulowamo mokwanira kumafuna kuti sukulu yanu ikhale yolembetsa. Kuno kwathu laibulale za sukulu za ukachenjede zimapeza nkhokwe zotere kudzera mu mgwirizano wa MALICO, choncho ndi bwino kufunsa woyang'anira laibulale musanaganize zolipira. Amene sali pasukulu angathe kutsegula akaunti yaulere yowerengera nkhani zowerengeka pamwezi. Kope la chaka chino kapena chatha kawirikawiri silipezekamo, chifukwa magazini ambiri amafika mu JSTOR patapita zaka zingapo.

Kumene JSTOR imawala ndi pa mafunso a ndale za chikhalidwe: mmene boma linagwiritsira ntchito magule pomanga fuko, mmene ana a anthu ochokera ku Mexico ku California ndi Texas anatengera folklórico, magule a makolo a pansanja aja, ngati chizindikiro cha umwini wawo, ndi mkangano woti kodi gule wa pansanja ndi kulemekeza kapena kulanda. Koma mukafuna kudziwa za mudzi umodzi, amene amalipira oimba, amene amasunga zigoba za ovina ndi chimene chimachititsa mnyamata kuwinda kwa woyera mtima kuti adzavina zaka zingapo, mupeza kuti nkhani za m'Chingerezi n'zochepa ndipo zimazungulira pa magule ochepa otchuka.

Redalyc, imene imayendetsedwa ndi Universidad Autónoma del Estado de México ku Toluca, ndi yaulere kwa aliyense, sifuna dzina kapena chiphaso, ndipo ili ndi magazini a akatswiri a ku Mexico komweko monga Alteridades, Desacatos, Cuicuilco ndi Relaciones. Olemba ake ambiri ndi anthu amene anakhala m'midzi imene akuifotokoza, kubwererako chaka ndi chaka pa nthawi ya chikondwerero, ndipo amalemba za dongosolo la mayordomía, limene banja limodzi limasenza udindo ndi ndalama za chikondwerero cha chaka chonse, mwatsatanetsatane amene simungamupeze kwina. Pambali pake pali TESIUNAM, nkhokwe ya zolemba za omaliza maphunziro pa yunivesite ya UNAM, kumene nthawi zina gule wa mudzi wosadziwika amapezeka atalembedwa masamba mazana. Chopinga chake n'chodziwikiratu: pafupifupi zonse zili m'Chisipanishi. Nkhani zambiri zimayamba ndi chidule cha m'Chingerezi, chimene chimakwanira kukuuzani ngati muyenera kuvutikira zotsalazo, ndipo makina omasulira amathandiza, ngakhale amasokoneza mayina a maudindo ndi a zoimbira. Kusaka kwake nakonso sikolongosoka ngati kwa JSTOR. Mukalemba mawu amodzi imakukhuthulirani zinthu zosakhudzana.

Apa mawu osakira ndiye amagwira ntchito yaikulu. Akatswiri a ku Mexico amati danza akamanena gule wa mwambo wovinidwa pa chikondwerero cha chipembedzo, ndipo amati baile akamanena gule wa chisangalalo wa mwamuna ndi mkazi, monga son jarocho wa ku Veracruz amene amavinidwa pathabwa lotchedwa tarima kuti mapazi nawo akhale ng'oma. Wosaka ndi dzina la gule pamodzi ndi malo ake, mwachitsanzo gule wa Parachicos ndi tauni ya Chiapa de Corzo, kapena gule wa Viejitos ndi dera la Michoacán, amapeza zolunjika kuposa wosaka za magule a ku Mexico mwachisawawa. Pa nkhokwe ziwirizi, ine ndimaika Redalyc patsogolo kwa aliyense amene funso lake likukhudza mwambo, ndipo JSTOR ndimaisiyira mafunso a pansanja ndi a ndale. Amene sakudziwa poyambira angadalire Handbook of Latin American Studies ya Library of Congress, yomwe ndi yaulere ndipo imapereka ndemanga yaifupi ya katswiri pa zolemba zimene yandandalika, za m'zinenero zonse ziwiri.

Komabe gule saoneka bwino papepala, ndipo apa ambiri amathawira ku YouTube. Sindikuinyoza, chifukwa makanema ojambulidwa pafoni ndi anthu a pamudzi pa tsiku la chikondwerero ali ndi phindu lalikulu. Vuto lake n'lakuti kanema wa gulu la ana a sukulu ku Los Angeles ndi kanema wa mwambo ku Sonora amabwera ndi mutu wofanana, opanda tsiku, malo kapena dzina la wojambula, ndiponso amadya bandulo kwambiri. Mediateca INAH, nkhokwe yaulere ya bungwe la boma loona za chikhalidwe ndi mbiri lomwe linakhazikitsidwa mu 1939, imapereka zithunzi zakale, mabuku ndi nyimbo zojambulidwa m'midzi, makamaka mndandanda wa Testimonio Musical de México, ndipo chinthu chilichonse chimabwera ndi kadi yake yofotokoza kumene chinachokera. Chithunzi chimodzi chokhala ndi chaka ndi malo chimalimbitsa mfundo kuposa makanema khumi osadziwika mwini wake. Fonoteca Nacional, imene inatsegulidwa mu 2008 ku Coyoacán, imasunga mawu ojambulidwa ochuluka kwambiri, koma si onse amene amamveka pa intaneti. Ambiri amafuna kuti munthu akafike komweko.

Masamba a UNESCO ali pakatikati. Mwambo wa Voladores, mmene amuna anayi amadzimanga zingwe n'kutsika mozungulira kuchokera pamlongoti wautali pamene wachisanu waima pamwamba akuimba chitoliro ndi kang'oma, unalembedwa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2009, ndipo wa Parachicos wa mu Januwale unalembedwa mu 2010. Ndi mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu, ndipo aliyense amene anaonapo chilombo pamaliro a mfumu kenako n'kuchionanso chikuvinira alendo pahotelo akudziwa kale kusiyana kumene ndikunena. Zikalata zopempha kulembedwako zimapezeka m'Chingerezi kapena m'Chifalansa, pamodzi ndi kanema waufupi ndi zithunzi, zomwe n'zothandiza kwa wosadziwa Chisipanishi. Muziwerenge mukukumbukira kuti zinalembedwa ndi boma pofuna kukopa komiti ya UNESCO, choncho mikangano ya pakati pa ovina eni ake ndi amalonda a zokopa alendo imatchulidwa mopepuka.

Nyuzipepala zakale ndi njira imene ofufuza ambiri amaidumpha, koma imathandiza kwambiri poyankha funso loti gule anayamba liti kutchedwa wa makolo. Hemeroteca Nacional Digital de México imalola aliyense kuwerenga makope ambiri akale, ngakhale a zaka zaposachedwa amatsekedwa chifukwa cha malamulo a umwini ndipo amawerengedwa m'nyumba za bungwelo zokha. Jarabe Tapatío, gule wa ku Jalisco amene mkazi amavina mozungulira chipewa chachikulu choponyedwa pansi, anakwera ulemu pakati pa anthu apamwamba a mumzinda pamene Anna Pavlova, wovina wotchuka wa ku Russia, anamuvina ku Mexico mu 1919, ndipo umboni wa mmene anthu anaulandirira uli m'nyuzipepala za nthawiyo. Chimodzimodzi Guelaguetza, mwambo wa chaka ndi chaka wa magule wa ku Oaxaca, umene maonekedwe ake a lero amachokera ku chikondwerero cha mu 1932, ndi Flor de Piña, gule wa atsikana onyamula chinanazi paphewa, amene alendo ambiri amamuyesa wa makedzana pamene anakonzedwa mu 1958 kuti dera la Tuxtepec likhale ndi gule wake pa chikondwererocho. Kusaka mu Hemeroteca n'kochedwa, chifukwa makina amalephera kuwerenga zilembo zofufutika za mapepala akale, kotero ndi bwino kulowamo muli kale ndi chaka ndi mwezi umene mwaupeza mu JSTOR kapena Redalyc, n'kumatsegula kope ndi kope la masabata amenewo.