Makwerero a aluminiyamu: zimene ndaona patatha chaka ndi theka

Ntchito yanga ndi yoika zipangizo za sola pa madenga a anthu kuno ku Kasungu, ndipo makwerero a aluminiyamu otalika mamita 6 amene ndinagula m'sitolo ina ya pa boma ndayenda nawo kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya.

Chimene ndimawayamikira kwambiri ndi kupepuka kwake. Aluminiyamu amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo cha kukula kofanana, kotero ndimawanyamula ndekha paphewa, pamene akale achitsulo aja tinkachita kugwirizana anthu awiri. Mvula yawavumbwa dzinja lonse koma dzimbiri lofiira silinaoneke, chifukwa aluminiyamu akakhudzana ndi mpweya amapanga kachikopa kopyapyala kamene kamateteza mkati mwake.

Komabe wogula adziwe kuti aluminiyamu sawuma ngati chitsulo. Ndikawatambasula onse n'kufika pakati nditanyamula batire, makwererowa amawerama ndi kunjenjemera, moti tsiku loyamba mtima unali m'mwamba. Sikuti amafuna kuthyoka ayi; chibadwa chake n'chakuti pa katundu wofanana amapindika pafupifupi katatu kuposa chitsulo chopangidwa mofanana, ndipo ndikatsika amawongoka okha.

Vuto lenileni ndinakumana nalo ku Chamama, pamene mphepo inawagwetsera pa mulu wa njerwa, sitepe yachitatu n'kupindika. Ndinayesa kuiwongola ndi hamala monga tinazolowera ndi chitsulo, koma pamalo opindikawo panatuluka kamng'alu koonda ngati tsitsi, ndipo ine ndikudandaula kuti ndinachita phuma. Aluminiyamu wolimbitsidwa salola kupindidwa uku ndi uku, ndipo mng'alu ukangoyamba umakulirakulira nthawi iliyonse munthu akapondapo. Owotcherera awiri anakana kuigwira, ponena kuti makina awo wamba angangoiboola. Zimenezi n'zoona, popeza aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 okha, amafuna makina ogwiritsa ntchito mpweya wa argon, komanso malo owotcherawo amatsala ofewa kuposa kale. Pomaliza ndinachotsa sitepe yonseyo n'kuikapo ina yomanga ndi mabawuti.

Kwa amisiri anzanga oyenda mitunda italiitali, makwererowa ndi oyenera ndalama zake, malinga muziwagoneka pansi mukatsika, ndiponso musawaimike pafupi ndi mawaya a magetsi, chifukwa aluminiyamu amadutsitsa magetsi mosavuta kuposa chitsulo.