Milu ya makobidi a Roma osatsuka: siliva musamuyembekezere, koma mkuwa wake ngwophunzitsa

Ogulitsa makobidi akale pa intaneti amakonda kuika chithunzi cha mulu wa timakobidi tothimbirira, tomatidwa ndi dothi louma, n'kulembapo kuti "osatsuka, osasankha". Amagulitsa m'milu ya 10, 25, 50 kapena 100. Chimene chimakopa ogula ndi chiyembekezo chakuti pansi pa dothilo patuluka denarius, khobidi la siliva, ya mfumu ya Roma Trajan kapena Hadrian. Tineneretu kuti situluka. Siliva sadyeka m'nthaka ngati mkuwa, ndipo wozolowera amamuzindikira ngakhale ali mbuu ndi dothi. Mulu usanafike kwa inu umakhala utadutsa m'manja mwa wokumba, wopikula ndi wogulitsa, aliyense akutolapo zooneka bwino. Mawu akuti "osasankha" ndi okometsera malonda chabe.

Zotsalazo ndi zenizeni ndithu, ndipo ubwino wa malondawa wagona pamenepo. Ambiri ndi makobidi a mkuwa a m'zaka za m'ma 300, a nthawi ya mfumu Constantine I, amene analamulira kuyambira 306 mpaka 337, a ana ake, ndi a banja la Valentinian. Anasulidwa ochuluka zedi moti opanga zachinyengo kawirikawiri sataya nawo nthawi. Osonkhanitsa amawagawa potengera kukula: AE3 ndi la mamilimita 17 mpaka 21, AE4 silifika 17, ndipo AE2, la 21 mpaka 25, mukalipeza m'mulu mwachita mwayi.

Zithunzi za kumbuyo zimabwerezabwereza, moti pakapita nthawi pang'ono mumazidziwa dothi lisanachoke n'komwe. Khobidi lolembedwa GLORIA EXERCITVS limaonetsa asilikali awiri ataima ndi mikondo. Oyamba, a mu 330, ali ndi mbendera zankhondo ziwiri pakati pa asilikaliwo. Cha m'ma 336 khobidi linachepa ndipo mbendera inatsala imodzi. Lolembedwa VRBS ROMA kutsogolo, kumbuyo kwake kuli mmbulu waukazi ukuyamwitsa Romulus ndi Remus, amapasa a m'nthano ya chiyambi cha Roma, nyenyezi ziwiri zili pamwamba. Koma mwini mulu weniweni ndi FEL TEMP REPARATIO, mtundu umene unayamba mu 348, makamaka wa Constantius II, mwana wa Constantine: msilikali wa Roma akubaya mdani amene hatchi yake yagwa. Pa khobidi losungika bwino mumaona hatchi itagwada, wokwerayo atatambasulira dzanja kumbuyo ngati akupempha moyo, kapena atakumbatira khosi la hatchi yake. Kusiyana kwa dzanja kokhako kumasintha nambala ya khobidi m'mabuku.

Pena mumapeza mutu wa mfumu utavala chisoti cha nsonga zonga kuwala kwa dzuwa. Limenelo nthawi zambiri ndi antoninianus, khobidi limene mfumu Caracalla anayambitsa mu 215 lili ndi siliva pafupifupi theka. Pofika masiku a mfumu Gallienus, amene anaphedwa mu 268, siliva anali atatsika mpaka pansi pa magawo 5 pa 100, khobidi lili mkuwa wongokutidwa ndi kachikhungu kopyapyala ka siliva. Siliva amene mungamuone m'milu imeneyi ndi wa kachikhungu kotere basi, ndipo mukapala mwamphamvu kamodzi kokha wapita. Mukaona kuyera penapake pansi pa dothi, lipatuleni khobidilo, musalikhudzitse chitsulo.

Kutsuka ndiye ntchito yeniyeni imene mwagula. Yambani ndi madzi otchezedwa, aja amathira m'batire ya galimoto, osati asidi wake. Madzi a pampopi amakhala ndi kolorini ndi michere, zomwe ndi adani a mkuwa. Vikani makobidi m'kabotolo kotseka, sinthani madzi pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo posintha paliponse kwecheni ndi mswachi umene mwaudula ubweya kuti ufupike. Ena amayera m'sabata imodzi, ena amafuna miyezi. Dothi likafewa, gwiritsani ntchito kamtengo kosongoka ka nsungwi, mukuyang'ana ndi galasi lokuza ka 10, pamalo owala bwino. Yambirani pamalo osalala, muziyenda mozungulira pang'onopang'ono kulowera ku zilembo, nkhope ikhale yomaliza.

Pamene ongoyamba kumene amaonongera n'posasiyanitsa dothi ndi patina. Dothi lili pamwamba pa khobidi. Patina, chikhungu cholimba chija chobiriwira, chofiirira kapena chakuda, ndi khobidi lenilenilo limene lasandulika pazaka zoposa 1,600 lili m'nthaka. Nthawi zambiri zilembo ndi tsitsi la mfumu zimakhala m'chikhungu chimenecho. Mukachichotsa mumatsala ndi mkuwa wa maenjemaenje wopanda choti muwerenge. N'chifukwa chake viniga, madzi a mandimu ndi njira yotsukira ndi magetsi sitizivomereza, ngakhale zimaoneka zachangu. Mafuta a olivi ena amawakonda, koma amatenga miyezi, amadetsa patina, ndipo amalowerera m'timing'alu n'kumatulukabe khobidi lili kale m'envulopu.

Vuto lalikulu la milu yotere ndi matenda a mkuwa, ndipo ogulitsa salitchula kawirikawiri. Mchere wa m'nthaka umagwirana ndi mkuwa n'kubisala pansi pa patina. Ukakumana ndi chinyezi ndi mpweya umatulutsa asidi amene amadya khobidi kuchokera m'kati, ndipo kudyako kumabalanso mchere womwe uja, basi zimangopitirira. Chizindikiro chake ndi ufa wobiriwira motuwa, wofewa, umene umayoyoka mukaukhudza ndi kamtengo. Zobiriwira zolimba zosapalika si matenda, zisiyeni. Khobidi lodwala lichotseni pakati pa anzake, palani ufa wonse mpaka pansi pa dzenje, kenako liviikeni m'madzi otchezedwa osungunuliramo mankhwala otchedwa sodium sesquicarbonate, magalamu 5 pa mamililita 100. Sinthani sabata iliyonse kwa masabata angapo, podziwa kuti mtundu wa patina ukhoza kusintha. Mukatero litsukuluzeni, liumitseni kwathunthu pamalo ofunda, ndipo liyang'aniridwe mwezi wathunthu musanalipake phula loteteza longa Renaissance Wax. Kupaka phula ufa usanathe ndi kungofunditsa bulangete wodwala, nthendayo imapitirira pansi.

Mbali ya ogulitsa ili ndi zodandaulitsa zake. M'mulu uliwonse mumakhala makobidi ofufutika kotheratu, osalala mbali zonse, ena othyoka, ena omatidwa ndi chikhokho cholimba ngati simenti. Ogulitsa ena amatenga amene analephera kuwatsuka, n'kuwapakanso matope. Mudzawadziwa chifukwa dothi lake limasungunuka lonse pa mphindi zochepa, pansi n'kutuluka mkuwa wofiira wopanda patina. Sankhani amene amajambula mulu weniweni umene akutumizireni, osati chithunzi chimodzi cha chitsanzo, ndipo pachithunzipo funani mizere ya mutu kapena zilembo zikuonekera m'dothi. Yambani ndi 10. Mulu wa 100 kwa wogulitsa amene simunamuyesepo ndi kutaya ndalama.

Funsaninso kumene anachokera. Ochuluka amatuluka m'mayiko a ku Balkans, kum'mwera chakum'mawa kwa Ulaya, ndi kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, ndipo mayiko monga Bulgaria ndi Turkey ali ndi malamulo okhwima oletsa kukumba ndi kutulutsa zinthu zakale popanda chilolezo. Dothi latsopano pa khobidi likhoza kutanthauza kuti lakumbidwa posachedwa. Wogulitsa amene sakufuna kuyankha funso limeneli, msiyeni, ndipo lisiti lililonse lisungeni.

Khobidi likayera, kachingwe ka zilembo kamene kali m'munsi mwa chithunzi cha kumbuyo kamanena kumene linasulidwa: SIS ndi Siscia, umene lero ndi Sisak ku Croatia, SMK ndi Cyzicus, SMN ndi Nicomedia, TR ndi Trier, ALE ndi Alexandria. Chilembo choonjezera, A, B, Γ, Δ kapena P, S, T, Q, chimasonyeza chipinda cha osula chimene chinagwira ntchitoyo. Ndi zimenezi, pamodzi ndi dzina la mfumu, mukhoza kupeza nambala yake ya RIC (Roman Imperial Coinage, mabuku a ndandanda ya makobidi a mafumu a Roma) pa Online Coins of the Roman Empire, nkhokwe yaulere ya American Numismatic Society. Samalani ndi mayina ofanana: CONSTANTINVS, CONSTANTIVS ndi CONSTANS ndi anthu osiyana, ndipo pa khobidi lakutha kusiyana kwake kumangotsalira pa chilembo chimodzi kapena zingapo chabe.

Wofuna denarius agule limodzi lotsuka kale, lolembedwa kulemera kwake, kwa wogulitsa wolonjeza kubweza ndalama likapezeka labodza. La nthawi ya mfumu Augustus limalemera pafupifupi magalamu 3.9, la pambuyo poti mfumu Nero analipeputsa mu 64 pafupifupi 3.4, ndipo lopepuka kwambiri likhoza kukhala mkuwa wokutidwa. Amkuwa amene mwatsuka nokha asungeni m'timaenvulopu ta pepala lopanda asidi, mutalembapo mfumu, mzinda, mamilimita ndi magalamu. Timatumba tofewa ta pulasitiki ya PVC timatulutsa utomoni wobiriwira umene umaononga mkuwa. M'bokosi ikanimo kapaketi ka silica gel koyamwa chinyezi, ndipo nyengo ya chinyezi muzitsegula n'kuyang'ana aja munawachiza.