Utitiri pa galu: dibi, madontho apakhosi kapena piritsi?

Mu October chaka chatha galu wathu Kambuku sankagona. Usiku wonse tinkangomva mwendo ukumenya chitseko cha kanyumba kake, ndipo posakhalitsa pamwamba pa mchira panasosoka, panafiira ngati pothiridwa madzi otentha. Kuno ku Chilomoni dzuwa likangoyamba kuswa mtengo, mpaka mvula kudzakhazikika, agalu ambiri amakhala choncho. Ndayesa njira zingapo pa agalu anga awiri, ndipo ndikuziika pano moyandikana kuti amene mukufuna kugula mankhwala muone poyambira.

Musanatulutse ndalama, tsimikizani kuti ndi utitiridi. Imikani galu pa pepala loyera lonyowa pang'ono, mumupese pamsana cha kumchira. Tizinthu takuda ngati tsabola wopera tikagwa n'kusungunuka kukhala tofiira, ndiye ndowe za utitiri zimenezo, magazi a galu wanu. Mwina simuona nthata ngakhale imodzi ikuyenda, chifukwa agalu ena thupi lawo limadana ndi malovu a utitiri, moti kulumidwa kawiri katatu kokha kumawayabwitsa masiku ambiri. Kambuku ndi wotere. Mnzake Duwa amagona pa thumba lomwelo koma sadzikanda kwenikweni.

Chimene ndinachedwa kuchimvetsa ndi chakuti utitiri umene uli pa galu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene ukudikira pansi. Nthata yaikazi imatha kuikira mazira 40 mpaka 50 pa tsiku, ndipo mazirawo samatirira pa ubweya. Amagwera pa thumba logonera, m'ming'alu ya simenti, m'fumbi la kuseri kwa khitchini. Kukafunda, milungu iwiri kapena itatu ndi yokwanira kuti dzira lisanduke nthata yoluma, ndipo ina imatha kukhala m'chikwa chake miyezi, kudikira galu adutse. Ndiye funso langa pa mankhwala aliwonse limakhala ili: kodi akhalabe akugwira ntchito pamene wa pansiwo ukukwera?

Sopo wa agalu ndi paudala, apa amagwa. Amapha umene ulipo tsikulo, galu n'kupumako usiku umodzi kapena uwiri, kenako zayambiranso. Ndimagwiritsabe sopoyo posambitsa galu wakuda ndi matope, koma sindimuwerengera ngati mankhwala.

Mankhwala a dibi ndi amene ambiri timathamangira, chifukwa amapezeka m'masitolo a zaulimi ku Limbe ndi m'tauni muno, ndipo kabotolo kamodzi kamakhalitsa. Pali mfundo imodzi imene ogulitsa ambiri sanena. Dibi wa amitraz, monga Triatix, ndi wamphamvu pa nkhupakupa ndi mphere, koma pa utitiri ndi wofooka. Ine ndinatha mwezi wathunthu ndikusambitsa Kambuku sabata iliyonse, nkhupakupa zinatheratu, koma kudzikanda kunali pomwepo. Werengani pa botolo ngati utitiri watchulidwa, ndiponso ngati alembapo kuti ndi oyenera agalu, chifukwa ena ndi a ng'ombe basi. Vuto lina lili pa kusungunula. Anthu timayeza ndi diso, kapena timawonjezera kachivindikiro kena "kuti agwire bwino". Galu amene wapyoledwa muyezo wa amitraz amafooka, amayenda dzandidzandi, amangogona. Yezani ndi sirinji, valani magolovesi, sambitsirani panja pa mphepo, ndipo madzi otsala musawathire mu ngalande yopita ku mtsinje wa Mudi. Mphaka, tiana ta galu ndi galu wodwala asayandikire dibi ameneyu. Ubwino wake ndi mtengo. Kuipa kwake ndi ntchito ya sabata ndi sabata, imene ambiri timaisiya pakati galu akangooneka bwino.

Madontho apakhosi, monga Frontline yomwe ili ndi fipronil, ndi osavuta: mumapatula ubweya pakati pa mapewa, pamene lilime silifika, n'kufinyira pa khungu penipeni, kamodzi pa mwezi. Mtundu wa Frontline Plus uli ndi mankhwala ena oletsa mazira kuswa, ndipo pa nkhondo ya pansi ija zimenezi zimathandiza. Koma madonthowa amayenda ndi mafuta a pakhungu, choncho musamusambitse galu masiku awiri musanathire ndi masiku awiri mutathira. Kwa Duwa, yemwe ndi wa ubweya waufupi ndipo sakonda madzi, amagwira bwino. Kwa Kambuku, yemwe amagudubuka m'matope aliwonse a mu January, ndinaona kuti sabata yachinayi isanathe wayambanso kudzikanda. Chenjezo kwa amene muli ndi amphaka: madontho ena a agalu ali ndi permethrin, ndipo ameneyo amapha mphaka, ngakhale wongonyambita galu amene wangothiridwa kumene.

Lamba wam'khosi ndimudutsa msanga. Seresto weniweni amagwira mpaka miyezi 8, koma ndi wodula, ndipo galu wolowa pansi pa waya ngati wanga akhoza kumutaya tsiku limodzi. Timalamba totchipa ta fungo lamphamvu tija sindinaonepo tikuteteza kumchira, komwe kuli vuto.

Mapiritsi ndi amene anathetsa nkhani ya Kambuku. NexGard ndi Simparica ndi a mwezi ndi mwezi, pamene Bravecto piritsi limodzi limakwana milungu 12. Mankhwalawo amakhala m'magazi, ndiye mvula kapena kusamba sikuwachotsa, ndipo ana akamasewera ndi galu simuda nkhawa ndi zimene zili pa ubweya. Amapha utitiri ndi nkhupakupa, ndiponso madokotala a ziweto amawagwiritsa ntchito pa mphere. Ndinamupatsa Bravecto pamodzi ndi chakudya, monga amalangizira, ndipo usiku wachiwiri chitseko chija chinakhala chete. Pofika mwezi ubweya unali utayamba kumera. Zofunika kudziwa: piritsi limapita ndi kulemera kwa galu, choncho mumuyeze pa sikelo, ndipo musadule la galu wamkulu kuti mugawire awiri. Kamwana kosakwana milungu 8 kapena makilogalamu 2 sikayenera. Mu 2018 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjeza kuti mankhwala a gulu limeneli amatha kuyambitsa kunjenjemera kapena kukomoka mwa agalu ena, ndiye ngati wanu anagwapo ngati wa khunyu, muwauze adokotala asanakupatseni. Mtengo wake umapweteka pa tsiku logula, sindikana. Koma nditawerengera mabotolo, sopo, ndi mankhwala a zilonda zimene Kambuku ankadzipanga yekha ndi mano, kusiyana kwake sikunali kwakukulu monga ndinkaganizira. Gulani ku chipatala cha ziweto, monga ku BSPCA (bungwe losamalira ziweto la ku Blantyre) kapena kwa dokotala wodziwika, osati a m'chikwama opanda bokosi.

Ndiye ine ndimatere: galu wa khungu lovuta, piritsi. Galu wamba wosakonda madzi, madontho. Dibi ndimasungira nkhupakupa, pamene ndalama yavuta. Ndipo agalu onse a pakhomo alandire nthawi imodzi, apo ayi mmodzi amasungira mnzake.

Pali zina zimene sindikuziika n'komwe pa sikelo: oyilo wakuda wa galimoto, parafini, mankhwala opopera udzudzu, ndi fumbi lija timathira m'chimanga poopa anankafumbwe. Mnyamata wina wa pafupi nafe anabwera m'mawa wina atanyamula kagalu kake m'katoni. "Amayi, taonani, kakungotuluka dovu." Anali atakapaka fumbi la chimanga madzulo ake, pomvera malangizo a anzake, ndipo iye ankakakonda kagaluko. Tinakasambitsa ndi sopo ndi madzi ambiri, tinathamanga nako, koma sikanafike madzulo. Galu amadzinyambita, ndipo chilichonse chimene mwamupaka chimathera m'mimba.

Mankhwala alionse amene mwasankha, thumba logonera lija musaliiwale. Ine ndimachapa zogonera ndi madzi otentha sabata iliyonse n'kuziyanika padzuwa la masana, matumba akale ndimawotcha, ndimasesa m'kanyumba mpaka m'makona, ndipo ming'alu ndinaimata ndi simenti chifukwa nkhupakupa zofiirira zija zimabisala m'makoma. Mupatseninso mankhwala a njoka zam'mimba: galu akameza nthata podziluma amatenga njoka zija zimaoneka ngati timbewu ta mpunga pansi pa mchira. Kudzikanda kukapitirira utitiri utatha, yang'anani m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono. Nkhanambo pamenepo kawirikawiri ndi mphere, ndipo imatha kuyabwitsa ndi anthu omwe. Zotupa zokhala ndi kabowo pakati, nthawi ya mvula, ndi mphutsi zochokera m'dothi. Nkhama zikayera ndipo galu akukana chakudya, musadikire mawa, amenewo akhoza kukhala matenda a nkhupakupa.

Za zikhadabo ndinaziphunzira pa khungu la Kambuku lomwelo, chifukwa zazitali ndi zimene zinkang'amba. Galu woyenda pa tara ndi pa miyala, ngati amene amakwera nawo phiri la Michiru kapena la Ndirande, zimadyeka zokha. Wokhala pa unyolo kapena pa kapinga, ayi. Mukamva zikulira pa simenti akamayenda, zatalika.

Lezala ndi mpeni musayese, galu akagwedezeka pang'ono mwadula chala. Chowengera cha anthu chimakwana pa tiana tokha. Pa galu wamkulu chimaphwanya chikhadabo m'malo modula. Chowengera cha agalu, chooneka ngati pulayala, ndi chimene ndimadalira. Tupa ndi wochedwa, koma kwa galu wamantha kapena wa zikhadabo zakuda ndi wabwino, chifukwa simungapyole mwadzidzidzi. Mkati mwa chikhadabo muli kanyama ka magazi. Pa choyera kamaonekera, kofiirira, ndipo mumadula patsogolo pake. Pa chakuda sikaoneka, ndiye ndimadula pang'onopang'ono, ndikuyang'ana podulapo; pakati pakayamba kuoneka kadontho kakuda konyezimira, ndimalekera pomwepo. Zikatalika kwambiri musafune kumaliza tsiku limodzi. Kanyamako kamabwerera m'mbuyo mukamadula pang'ono sabata iliyonse.

Ndimachita madzulo atadya, mwana wanga atamugwira mutu n'kumamusisita, ine ndili ndi kambale ka ufa woyera pambali. Ndikalakwitsa n'kutuluka magazi, ndimakanikiza ufawo pa nsonga kwa mphindi zingapo ndipo amasiya. Pomaliza ndimafufuza kachala kam'mbali, kamene kali pamwamba pang'ono mkati mwa mwendo wakutsogolo. Kameneko sikagunda pansi, choncho chikhadabo chake sichidyeka. Cha Duwa ndinachipeza chitapinda ngati mbedza, nsonga itayamba kale kulowa m'mnofu.