Malo oswetsera nsomba a boma ku Michigan: ndapereka nyenyezi 4 pa 5, koma musankhe bwino mwezi wopitira

Ndakhala ndikunena kuti ndilemba ndemangayi kuyambira Okotobala koma ulesi abale, lero ndati basi ndilembe zisanandichoke m'mutu. Ife tinayamba kupita kumalo amenewa osati chifukwa chokonda nsomba ayi, zinali zofuna kotayirako ana nthawi ya holide komwe sikudya ndalama, ndiye bambo akunyumba anamva kwa mnzawo wa kuntchito kuti kumalo komwe boma limaswetsera nsomba kulowa ndi ulele, ine ndinati aaa tikaone chani kumeneko, madamu basi? Mapeto ake chaka chimodzi chomwecho tayenda malo anayi, ndipo amene akukakamiza kuti tibwererekonso ndine.

Kwa amene simukudziwa, Michigan ndi dera la ku America la madzi okhaokha, lakhudza nyanja zinayi mwa zisanu zija za Great Lakes, Superior, Michigan, Huron ndi Erie, kuphatikizapo nyanja zing'onozing'ono zoposa 11,000 zamkati. Boma la derali lili ndi malo 6 oswetsera nsomba, Wolf Lake, Oden, Platte River, Harrietta, Thompson ndi Marquette. Chimene chinandisokoneza poyamba n'choti nsomba zake si zogulitsa, musatenge kabasiketi poganiza kuti mubwerako ndi ndiwo. Amaziswetsa, kuzilera mpaka zitakulako, kenako n'kukazitaya m'mitsinje ndi m'nyanja kuti anthu aziwedza ndi mbedza. Ndalama zake zambiri zimachokera ku malaisensi owedzera ndi msonkho wa pa zipangizo zowedzera, ndiye tinganene kuti asodziwo amadzilipirira okha mbewu.

Tinayambira ku Wolf Lake, kufupi ndi Kalamazoo, mu Julayi. Kumeneku ndi koyenera ngati muli ndi ana aang'ono chifukwa kuli dziwe loonetsera nsomba, mumaima m'mbali n'kumaponya chakudya chawo, timibulu tabulauni tonunkha ngati nsomba youma, madzi aja ali phee kenako mwadzidzidzi phuu phuu zikulimbirana. Mwana wathu wamng'ono, wa zaka 5, anaponya koyamba nsomba itadumpha anathawa kukabisala kumbuyo kwanga, patangopita mphindi ziwiri ndi yemweyo akukuwa kuti amami ndipatseni zina, ndipatseni zina. Manja ananunkha mpaka madzulo ngakhale tinasamba ndi sopo, ndiye tengani zopukutira m'manja. Kumeneko ndi kumene ndinamva za nsomba yotchedwa lake sturgeon, yooneka ngati ya makedzana, msana wake ngati yavala zishango, ilibe mamba wamba ndipo kukamwa kuli pansi. Yaikazi imatha kudutsa zaka 20 isanayambe kuikira mazira, ndipo zina zimakhala moyo mpaka zaka 100, ndiye mukangozipha mosasamala kuti zibwerere pamafunika mibadwo.

Ku Oden, kumpoto kufupi ndi Petoskey, ndi kumene kunandisangalatsa kwambiri nthawi yotentha. Kuli kanjira kodutsa m'mitengo, n'kukafika pa kachipinda kokumbidwa m'mbali mwa kamtsinje, khoma lake ndi galasi, ndiye mumaona mtsinjewo kuchokera pansi pa madzi. Nsomba za trout zimangoima pamalo amodzi mutu utaloza komwe madzi akuchokera, zikugwedeza mchira pang'onopang'ono, kachinthu kakamadutsa imodzi n'kusuntha pang'ono, kumeza, n'kubwerera pamalo pake pomwepo. Ine ndinakhala pamenepo mwina theka la ola ana akundikoka kuti tiyeni. Alinso ndi bogi ya sitima yomwe anaipanga motengera yakale yotchedwa Wolverine, yomwe inkanyamula tiana ta nsomba m'zigubu kukataya kumitsinje yakutali kusanabwere malole okhala ndi matanki. Bambo akunyumba, poti ndi munthu wa zitsulo, anathera nthawi mmenemo kuposa kwa nsombako.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya Okotobala, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Mukapita mu Julayi muona nsomba zikudya, zabwino ndithu, koma ntchito yeniyeni simuiona. Nthawi yomwe masamba akusanduka ofiira ndi yomwe nsomba za salmon zimachoka mu Lake Michigan kukwera mitsinje kukaswana, ndipo pa Little Manistee River pali chotchinga mtsinje, ngati biyo koma cha simenti ndi zitsulo, chomwe chimazikhotetsera m'maiwe kuti ogwira ntchito atenge mazira. Tinafika m'mawa kukuzizira zedi, mpweya ukutuluka utsi mkamwa, ndiye kuona nsomba zazikulu ngati mwendo wa munthu wamkulu zitadzazana, zikuguguda pa chitsulo, zina zitada bii, zina khungu litayamba kusupuka mawanga oyera, zazimuna kukamwa kutapindika ngati mbedza mano ali panja. Fungo lake silosewera, ndikuuzeni. Anyamata ndi atsikana ogwira ntchitowo avala nsapato za mphira zofika pachifuwa, amatenga yaikazi, kuitsegula pamimba, mazira a olenji aakulu ngati nsawawa n'kukhuthukira m'ndowa, wina n'kufinya yaimuna umuna woyera ngati mkaka ukugwera pomwepo, kuthira madzi, kutakasa, basi moyo wayamba m'ndowa ya pulasitiki. Mwana wathu wamkulu anafunsa kuti adadi bwanji akuzipha, bambo ake n'kumufotokozera kuti mtundu umenewu wa Chinook ukaswana umafa wokha, ngakhale akanapanda kuzigwira sizikanabwerera kunyanja. Anakhala duu kwa kanthawi, kenako anati ndiye ana ake sawaona makolo awo? Palibe anamuyankha. Za nsomba ina yotchedwa steelhead ndi zosiyana, zija amatenga mazira cha mu Malichi ndi Epulo ndipo amazibweza mumtsinje zamoyo, ndiye ngati muli ndi mwana wa mtima wofewa mwina yambani ndi nthawi imeneyo.

Chimene chinandidabwitsa kuposa zonse, salmon zimenezi si za kuno n'komwe, kwawo ndi ku nyanja ya mchere ya Pacific. Nkhani yake ili chonchi, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 chilombo chotchedwa sea lamprey chinafalikira m'nyanjazi chitadutsa mu ngalande yokumba yotchedwa Welland Canal, chooneka ngati mkunga koma kukamwa kwake ndi kozungulira kodzaza timano, chimamatirira pa nsomba n'kumayamwa magazi ngati msundu. Chimenecho pamodzi ndi kusodza mopyola muyeso zinatsala pang'ono kumaliza lake trout, yomwe inali nsomba yaikulu yodya zinzake. Itasowa, kansomba kena kachilendo kotchedwa alewife kanaswana mopanda wokaletsa, moti mu 1967 tinkafa tokha n'kuunjikana m'magombe a Lake Michigan mpaka kumachita kuchotsa ndi mathirakitala. Ndiye Howard Tanner, yemwe ankatsogolera za usodzi ku Michigan, anabweretsa mazira a salmon ya mtundu wa coho kuchokera ku Oregon, mu 1966 anataya tiana take mu Platte River, chaka chotsatira boma n'kuwonjezera Chinook, kuti zizidya alewife. Zinatheka moti anthu anayamba kukhamukira kunyanja ndi maboti. Koswetsera kwa ku Platte River mpaka pano coho ndi yomwe amadziwika nayo, ndipo zimabwerera mumtsinje womwewo potsatira fungo la madzi omwe zinakuliramo, ine zimenezi mpaka pano zimandizunguza mutu, kansomba kochoka kali kachala kukayenda nyanja yonse ija n'kukumbukira khomo.

Sikuti zonse zili bwinobwino masiku ano ayi. Tinkhono tachilendo ta zebra mussel ndi quagga mussel timasefa chakudya cha m'madzi, alewife zikuchepa, ku Lake Huron zinatsala pang'ono kutheratu cha m'ma 2003 ndi 2004 ndipo Chinook zinatsika nazo limodzi, ndiye boma lakhala likuchepetsa kapena kusintha chiwerengero chotaya potengera chakudya chomwe chilipo. Munthu wina amene tinaima naye pa chotchinga paja, msodzi wachikulire ndithu, anali wokwiya ndi zochepetsazo, mnzake akumutsutsa kuti mukufuna nsomba zambiri zowonda? Ine ndinangomvetsera, koma ndinaona kuti wachiwiriyo anali ndi mfundo. Anationetsanso kuti nsomba yochokera koswetsera mumaizindikira ndi kachipsepse kakang'ono ka pamsana kufupi ndi mchira, amakadula ikadali yaing'ono, zina amazibaya kawaya kakang'onong'ono pamphuno kokhala ndi nambala. Kuchokera pamenepo ana anayamba mpikisano woloza, iyo yodula, iyo yosadula, mpaka tinachita kuwakoka kupita kugalimoto.

Tsono nyenyezi imodzi ndachotseranji? Pali malo ena, sinditchula dzina, tinayenda maola awiri titaona pa intaneti kuti ndi kotsegula, kufika chitseko cha nyumba ya alendo chili chokhoma, kapepala kolembedwa ndi cholembera katamatidwa pagalasi, zimbudzi nazonso zokhoma, ana awiri atapanikizika, foni kuimba palibe woyankha. Tinangozungulira panja kusuzumira ngalande za simenti zolereramo nsomba kudzera pa waya n'kubwerera. Ndikumvetsa kuti anthuwa ntchito yawo ndi nsomba osati ife alendo, komabe kusintha uthenga pa tsamba ndi chinthu cha mphindi zingati? Chinanso, zikwangwani zina zofotokozera zinali zofwifwa ndi dzuwa moti kuwerenga kwake kunali kongoganizira. Ndiye imbani foni dzulo lake, ndipo ngati ndi za mazira funsani tsiku lenileni chifukwa nsomba sizitsatira kalendala, zimadikira mvula ndi kuzizira kwa madzi, mutha kupita sabata imodzi mofulumira n'kupeza maiwe ali mbee.

Tizinthu tina tothandiza, valani nsapato zotseka chifukwa pansi pamanyowa ndipo pamaterera, juzi musaiwale ngakhale kunja kukutentha poti m'nyumba zoswetsera mumazizira, madzi ake ndi a pansi pa nthaka ozizira chaka chonse. Akakuuzani kuti musaviike manja m'matanki kapena pondani kaye m'mankhwala pakhomo musaone ngati akukunyozani, matenda akalowa amatha kupha nsomba za chaka chonse. Chakudya tengani chanu, ambiri mwa malowa ali kutchire kopanda sitolo pafupi. Ndipo ana akatengeka n'kuyamba kuvuta kuti akufuna kuwedza, ku Michigan laisensi imafunika kuyambira zaka 17, ana aang'ono safunika, komanso pachaka pamakhala mawikendi awiri, mu Febuluwale ndi mu Juni, omwe aliyense amawedza opanda laisensi. Athuwa agula kale mbedza ndi ndalama zawo za m'kachitini, akudikira Juni, ndipo wamng'ono uja wanenetsa kuti akagwira yodula chipsepse aibweza chifukwa mwina ndi ija anaidyetsa ku Wolf Lake.