Qt 6 ndi Nkhani ya Kukula ndi Kuchepa kwa Windo la Pulogalamu

Kwa olemba mapulogalamu kuno ku Zomba, kumene pulogalamu imodzi imayenera kuoneka bwino pa laputopu yaing'ono ya m'sitolo ya ku Chinamwali komanso pa sikirini yaikulu ya mu ofesi, Qt 6, yomwe inatuluka mu Disembala 2020, ndi chida chopangira mapulogalamu chimene ndikuchiyamikira ndi mtima wonse.

Ndinaiyesa popanga widget yangayanga (kachigawo kooneka pa windo la pulogalamu) yojambula tchati cha malonda. Munthu akakoka m'mphepete mwa windo, Qt imaitana resizeEvent (gawo la pulogalamu limene limayankha widget ikasintha kukula) n'kupereka kukula kwakale ndi kwatsopano, motero mizere ya tchaticho imawerengedwanso bwinobwino, ndipo chithunzi sichiphethira chifukwa chimayamba chajambulidwa mu memory chisanaonekere. Chimene chandikondweretsa kwambiri ndi sizeHint (kukula kumene widget ikufuna) pamodzi ndi QSizePolicy (lamulo la mmene widget ingakulire kapena kuchepera), pakuti mukazilemba mosamala, layout (yomwe imasanja ma widget pa windo) imagawa malo yokha popanda inu kuwerenga mapikiselo.

Komabe pafunika kusamala. Pokoka windo, resizeEvent imaitanidwa mobwerezabwereza, choncho mawerengero olemera akaikidwa mmenemo, kompyuta yakale imayamba kuchedwa. Ndi bwino kuwadikiritsa pang'ono ndi QTimer, chowerengera nthawi cha Qt. Malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka Qt ndi ochuluka ndithu, koma woyamba kumene adzafunika kuleza mtima asanamvetse kusiyana kwa Preferred ndi Expanding, awiri mwa malamulo a QSizePolicy.