Kabokosi ka NAS ndakapatsa nyenyezi 3, wogulitsa alibepo yake

Kabokosi aka ka NAS, kosungira mafayilo pa netiweki ya pakhomo, ndakhala nako miyezi 7 tsopano. Ndi kaja kolowa ma hard disk awiri, ndipo mtengo wake si wamasewera, makamaka ukawonjezera ma disk a 4TB awiriwo. Ndinkafuna kuti zithunzi za banja ndi mafayilo a ntchito zizikhala pakhomo pompano, ndisiye kulipira malo osungira pa intaneti mwezi ndi mwezi.

Amene andilembetsa ndemangayi ndi bambo amene anandigulitsa. Ndinawafunsa bwinobwino za backup, kope lapadera lobwezera mafayilo akatayika, kuti, "Kodi ndikagula aka, nkhani ya backup yatha?" Iwo osaphethira n'komwe, amvekere, "Achimwene, ikani RAID 1 basi, muzigona tulo. Chilichonse chizikhala pawiri." Ine n'kukhulupirira.

Loweruka lina usiku ndikusesa mafoda akalekale pa laputopu, ndinafufuta foda yomwe ndinkayesa yobwereza. Osadziwa kuti inali ya pa NAS yeniyeniyo, yomwe ndinailumikiza pa netiweki n'kumaoneka ngati drive wamba. Munali zithunzi za ukwati wathu, za ana ali makanda, ndi zochepa zomwe tili nazo za malemu mayi anga. Ndinathamangira mu Recycle Bin ya Windows, mulibe kanthu, chifukwa zomwe wafufuta pa foda ya pa netiweki sizipita mmenemo. Apobe mtima unali m'malo, ndimvekere disk yachiwiri ilipo. Nditafufuza ndi pomwe thukuta linayamba kutsika. RAID 1 ili ngati galasi: chomwe wachita pa disk iyi, inayo imachitanso nthawi yomweyo. Ukafufuta, zonse ziwiri zafufuta. Ntchito yake ndi yakuti disk imodzi ikafa upitirize ndi inzake, basi. Dzanja lolakwitsa ngati langali, vairasi yotseka mafayilo, mphezi kapena akuba, RAID sikudziwa.

M'mawa mwake ndinawaimbira bambo aja. Yankho lawo linali lakuti, "Nanga si mwafufuta nokha, ife tichitepo chiyani?" Inde ndinafufuta ndekha, sindikukana. Koma amene anandiuza kuti ndizigona tulo ndani? Ngakhale kupepesa kwa pakamwa chabe, ayi ndithu.

Anandipulumutsa ndi mlamu wanga. Tsiku lomwe tinkalumikiza kabokosiko anakakamira kuti tibayeko ka disk kakale ka USB ka 2TB, n'kuikapo restic, pulogalamu yaulere imene aliyense angathe kuona mmene inalembedwera, kuti usiku uliwonse izikopera mafoda ofunika. Ine ndinkangoti mlamuyu amakonda zovuta, mpaka ndinaiwalako. Restic imasunga mmene mafayilo analili tsiku ndi tsiku, ndiye ungathe kubwerera ku dzana. Koma imatseka zonse ndi pasiwedi, ndipo pasiwediyo ikatayika palibe angatsegule, ngakhale amene anailemba pulogalamuyo. Tinaisaka nyumba yonse. Mayi a kunyumba ndi amene anaipeza, italembedwa ndi pensulo kuseri kwa kabuku ka rauta. Zithunzi zinabwerera ndi mayina ake komanso madeti ake. Zinatayika ndi za milungu iwiri yokha, chifukwa wina m'nyumba muno (sanavomerebe mpaka lero) anazula ka disk kaja.

Mkwiyo utatsika ndinaona kuti kabokosiko kalibe mlandu kwenikweni. Sikasokosa, sikadya magetsi ambiri, ndipo pa waya wa gigabit kamakopera pafupifupi 110MB pa sekondi, pomwe pa Wi-Fi kamachita kukwawa. Bini yakeyake ya mafoda a pa netiweki kali nayo, koma inali yozimitsa, ndipo ine buku sindinawerenge. Apo ndiye vuto ndi langa. Mukaona 4TB ikuonetsa 3.6 musati akuberani, opanga ma disk amawerenga ndi 1000 pomwe kompyuta imawerenga ndi 1024. Chondinyansa ndi timathireyi ta ma disk, tapulasitiki tofewa, ukamakoka umachita kupemphera.

Pano ndikutsata ija amati 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, limodzi kunja kwa nyumba. Disk ina imakhala kwa mlamu wanga, timasinthana kumapeto kwa mwezi, ndipo tsiku lomwelo ndimabweza fayilo imodzi kuti nditsimikize kuti backup ikutsegukadi. Zithunzi za m'foni zimabwera ndi Syncthing, pulogalamu yofananitsa mafoda a pa zipangizo zosiyana, koma chenjerani, nayonso imatsatira zomwe mwafufuta mukapanda kuyatsa file versioning, yomwe imasunga makope akale a mafayilo. Kabokosiko sindinakatsegulire khomo la pa intaneti pa rauta, ndikakhala kutali ndimalowa ndi WireGuard, pulogalamu yolumikizira ku netiweki ya kunyumba motetezedwa.

Sabata yatha bambo aja anditumizira uthenga woti kabwera ka ma disk anayi, ati "chitetezo chokwanira". Ndangowerenga, sindinawayankhe.